Mbiri ya Miyala ya ku Tete

Tikamva mawu akuti mbiri timaganiza za anthu. Timaganiza za mafumu, za nkhondo ndi za maulendo a makolo athu. Koma miyala nayonso ili ndi mbiri yake. Mwala umabadwa, umakalamba, umaphwanyika, ndipo umasanduka mwala wina. Mbiri imeneyi ndi yaitali kuposa ya mtundu uliwonse wa anthu.

Ife a m'cigawo ca Tete tiyenera kuidziwa bwino. Alendo ambiri amene anakwera mtsinje wa Zambezi m'zaka 500 zapitazi anali kutsata miyala. Ena anafuna golide, ena siliva, ena malasha. Midzi ina inamangidwa cifukwa ca miyala, ndipo ina inasamutsidwa cifukwa ca miyala yomweyo. Tsono tiyeni tiyambe ndi miyala, kenaka tione anthu.

Zaka za miyala

Zaka za miyala siziwerengedwa m'makumi kapena m'mazana. Zimawerengedwa m'mamiliyoni. Kodi miliyoni ndi yaikulu bwanji? Munthu atakhala pansi kuwerenga njere za cimanga, njere imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osagona, angathe masiku 11 ndi theka kuti afike pa miliyoni imodzi. Dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 4,500.

Mwina mufunsa kuti, anaziwerenga ndani zaka zimenezi? M'miyala ina muli timibulu tating'ono tokhala ndi uranium. Uranium amasanduka mtovu pang'onopang'ono, pa liwiro lodziwika limene silisintha. Akatswiri amayeza uranium wotsala ndi mtovu umene wapangika. Akatero amadziwa zaka za mwalawo, monga mlimi amadziwa msinkhu wa ng'ombe poyang'ana mano ake.

Miyala yonse imagawidwa m'mitundu itatu, potsata m'mene inabadwira. Mitundu yonse itatu ili kuno kwathu.

Mtundu woyamba: miyala yocokera kumoto

M'kati mwa dziko mumatentha. Munthu akamatsika mu mgodi wakuya, kutentha kumawonjezeka ndi madigiri 25 kapena 30 pa kilomita iliyonse. Akasupe a madzi otentha amene ali kumtunda kwa mzinda wa Tete ndi mboni yake. Pansi kwambiri, m'malo ena, mwala umasungunuka n'kukhala ngati phala. Madzi amawira pa madigiri 100. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala mu mzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40. Koma phala la mwala limatentha madigiri 700 mpaka 1,200.

Phala limeneli likazizira limauma n'kukhala mwala. Amayi amadziwa kuti phala la m'mbale limazizira msanga, koma nsima ya mumphika wovundikira imasunga moto wake. Ndi cimodzimodzinso phala la mwala. Likakhala pansi pa nthaka, lovundikiridwa ndi miyala ina, limazizira zaka zikwizikwi. Pamenepo timaso ta mwala timapeza nthawi yokula, ndipo timaoneka bwino. Mwala wamawangamawanga, wa timaso toyera, tofiirira ndi takuda, umene umapanga matanthwe ambiri a m'mapiri athu, unabadwa cotero. Dzina lake ndi granite. Mbale wake wakuda ndi wolemera ndi gabbro. Mukayenda pa msewu wocokera ku Moatize kupita ku Zóbuè mumadutsa pa miyala yakuda yotere. Ili ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 1,000. M'kati mwake muli mtapo wa citsulo, monga wa ku Tenge.

Nthawi zina phala la mwala limabooleza nthaka n'kutulukira kunja. Likatero limazizira msanga, ndipo timaso take timakhala tating'ono kwambiri. Kumunsi kwa Tete, pa Lupata, mtsinje wa Zambezi umadutsa pampata wa mapiri a miyala yotere. Mapiri amenewo ndi ciphalaphala cimene cinatuluka pansi zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo.

Mtundu waciwiri: miyala yoyalana

Mwala ukaonekera kunja umayamba kukalamba. Usana dzuwa limautentha, usiku umazizira, ndipo khungu lake limasendeka. Mizu ya mkuyu ndi ya kacere imalowa m'ming'alu n'kuikulitsa. Mvula imaufewetsa. Potsiriza thanthwe limasanduka miyala ing'onoing'ono, mcenga ndi dongo. Dothi la m'munda mwanu ndi mwala wophwanyika umene wasakanizika ndi zomera zowola.

Madzi a mvula amanyamula zophwanyikazo. Zimacoka m'khwawa, zimalowa mu Revúbuè, zimatsikira mu Zambezi, mpaka kunyanja yamcere ku Chinde. Tungani madzi a mtsinje m'nyengo ya dzinja, muwasiye mu mtsuko usiku wonse. M'mawa mudzapeza mcenga pansi, matope pamwamba pake, ndi madzi oyera pamwamba pa zonse. Mitsinje ndi nyanja zimacita comweco. Caka ndi caka zimayala mcenga ndi matope, monga mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzake. Zapamwamba zimatsendereza zapansi. Madzi amafinyika, timibulu timamatana, ndipo pamabadwa mwala. Mcenga umapanga mwala wamcenga, uja timanolerapo mipeni ndi nkhwangwa. Matope amapanga mwala wofewa umene umang'ambika m'mapalemapale. Mzinda wakale wa Tete unamangidwa pa zitunda za mwala wamcenga zimene zinandandalika motsata mtsinje.

Malasha a ku Moatize ali m'gulu limeneli, ndipo mbiri yake ndi yodabwitsa. Zaka mamiliyoni 300 zapitazo Africa, India, South America, Australia ndi Antarctica anali mtunda umodzi, umene akatswiri anaupatsa dzina lakuti Gondwana. Dera lathu lino linali kufupi ndi nsonga ya kumwera kwa dziko lapansi. Kuno kotentha kuno kunali madzi oundana okwirira mapiri ndi zigwa. Madziwo atasungunuka, m'zigwa munatsala nyanja ndi madambo aakulu. M'madambomo munamera nkhalango za mtengo wa masamba onga lilime, wochedwa Glossopteris. Masamba ndi mitengo zinagwera m'madzi osayenda, ndipo sizinawole bwino. Zinaunjikana zaka zambirimbiri. Kenaka mcenga ndi matope zinazikwirira. Kulemera ndi kutentha kwa pansi kunazisandutsa mwala wakuda woyaka.

Conco tisasokoneze makala ndi malasha. Makala timawocha tokha pa masiku ocepa. Malasha anapsa pansi pa nthaka zaka zoposa mamiliyoni 250. Ku Moatize malasha anagona m'miyalo ingapo, yolekanitsidwa ndi mwala wamcenga ndi wamatope. Muyalo waukulu, wochedwa Chipanga, m'malo ena ndi wocindikala mamita 30. Pa miyala yozungulira malasha pamapezeka zidindo za masamba aja, zofanana ndi zimene zimapezeka ku India ndi ku Brazil. Ku Mágoè kuli mitengo yathunthu imene inasanduka miyala, ndipo mizere yake ya m'kati imaonekabe.

Mtundu wacitatu: miyala yosandulika

Woumba mbiya amatenga dongo lofewa, amaliumba, amaliwocha. Likapsa silikhalanso dongo. Ngakhale muliviike m'madzi caka cathunthu silibwerera. Silinasungunuke, koma lasandulika. Miyala nayonso imatero ikakwiririka pansi kwambiri, pamene pali kutentha ndi kupanikizika kwakukulu.

Mitunda ya dziko lapansi siinaime malo amodzi. Imayenda masentimita ocepa pa caka, monga kakulidwe ka cikhadabo. Mitunda iwiri ikagundana, miyala imapindika, ina imakwera kukhala mapiri, ina imakankhidwira pansi. Zimenezi zinacitika kuno kangapo, ndipo komaliza kunali zaka zoposa mamiliyoni 500 zapitazo. Granite wopanikizidwa cotero amasanduka mwala wamizeremizere, yoyera ndi yakuda, yokhotakhota ngati nsalu yofinyidwa. Dzina lake ndi gneiss. Ndi woculuka ku Angónia ndi m'madera ena a kumpoto. Mapiri aatali a nthawi imeneyo anakokoloka kalekale. Cimene timapondapo lero ndi mizu yake. Ukafumbutuka, mwala umenewu umapereka katondo amene amabereka cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere.

Mwala wa laimu ukasandulika umakhala marble, monga wa ku phiri la Muande kumtunda kwa mzinda wa Tete. Ngakhale malasha amasandulika. Zaka pafupifupi mamiliyoni 180 zapitazo, pamene Gondwana anayamba kung'ambika, phala la mwala linakwera m'ming'alu n'kudula miyalo ya malasha ku Moatize. Linauma kukhala mwala wakuda wolimba wochedwa dolerite. Malasha amene anali m'mbali mwake anapserera. Anthu a m'migodi amawadziwa malo otere, pakuti malasha ake sakhalanso abwino.

Ulendo wozungulira

Tsopano tiike pamodzi zimene taona. Phala limazizira, likhala granite. Granite amaphwanyika, akhala mcenga. Mcenga umayalana, ukhala mwala wamcenga. Mwala wamcenga ukakwiririka pansi kwambiri umasandulika. Kutentha kukapitirira umasungunuka, ukhalanso phala. Ulendo wabwerera pamene unayambira.

Si mwala uliwonse umene umatsata njira yonseyi mwa ndondomeko. Granite angasanduke gneiss asanaphwanyike. Gneiss angaphwanyike n'kukhala dothi asanasungunuke. Koma palibe mwala wokhala cikhalire. Munthu amene anafotokoza ulendo umenewu momveka bwino anali James Hutton wa ku Scotland, m'caka ca 1785. Iye anali mlimi. Anaona dothi la m'munda mwake likupita ndi madzi, ndipo anafunsa kuti, kodi likupita kuti, nanga latsopano licokera kuti?

Makolo athu ndi miyala

Makolo athu sanadziwe maina a m'mabuku, koma miyala anaidziwa. Anthu oyamba a m'cigwa ca Zambezi anasema mipeni ndi misomali ya mivi pa miyala yolimba. Pansi pa matanthwe, monga pa Chifumbazi kumpoto kwa cigawo cathu, anajambula zithunzi zimene zilipobe. Amayi anadziwa mwala woyenera mphero, umene sufumbutukira mu ufa. Anadziwa mwala woyenera mafuwa, umene suphulika pamoto. Anadziwa dambo la mtapo wabwino woumbira. Amisiri a Amaravi anakumba mtapo wa citsulo, anausungunula m'ng'anjo ndi makala, ndipo anasula makasu. Makasu a Amaravi anachuka, ndipo anali kugulitsidwa ku Tete ndi kutali kumunsi kwa mtsinje.

Anadziwanso golide. Golide amabadwira m'misempha ya mwala woyera m'kati mwa miyala yakale. Mwala ukaphwanyika, madzi amamutengera mumtsinje. Popeza ndi wolemera, amatsalira pansi pa mcenga. Wosefa amazunguza mcenga ndi madzi m'mbale yamtengo, mcenga umatayika, golide amatsala. Wosefayo amangotsiriza nchito imene mvula ndi mtsinje zinayamba.

Golide ameneyu ndiye anaitana alendo. Apwitikizi asanafike, amalonda a Ciswahili ocokera kugombe la nyanja anali kale pa Zambezi, kugula golide wa m'dziko la Mwenemutapa. M'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anayamba kukhala pa Sena ndi pa Tete. M'caka ca 1569 mfumu ya Portugal inatuma Francisco Barreto ndi asilikali pafupifupi 1,000 kudzalanda migodi. Malungo anapha ambiri a iwo, ndipo Barreto mwini anafera pa Sena mu 1573. Mu 1607 Mwenemutapa Gatsi Rusere, atapanikizidwa ndi adani, anapereka migodi ya m'dziko lake kwa Apwitikizi kuti amuthandize pa nkhondo. Mbiri inamvekanso yakuti ku Chicoa kuli siliva wambiri. Diogo Simões Madeira anamanga linga kumeneko mu 1614. Anthu ambiri anafa cifukwa ca siliva ameneyo, koma mgodi wake sunapezeke.

M'zaka za m'ma 1700 golide anapezeka kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi, mfumu yaikulu ya Amaravi. Eni minda ikuluikulu a ku Tete anatumiza akapolo awo kukakumba pa Mano, pa Machinga ndi malo ena. Ambiri mwa okumbawo anali akazi, ndipo Acikunda a mfuti ndiwo anali kuwalondera. Golide anatsika ndi mtsinje kupita ku India. Misasa ya okumba inaleka kumvera mafumu a dzikolo, ndipo mphamvu ya Undi inayamba kucepa.

Nthawi ya malasha

David Livingstone anafika ku Tete m'caka ca 1856. Anthu a kuno anamuonetsa miyalo ya malasha yoonekera m'magombe a timitsinje tothira mu Revúbuè. Anakondwa, pakuti anafuna kuti sitima za moto ziziyenda pa Zambezi. Mu 1858 anabwerera ndi sitima yochedwa Ma Robert, pamodzi ndi mnyamata wodziwa za miyala dzina lake Richard Thornton, amene anakumba malasha kufupi ndi Tete. Koma mwala wina unawakaniza. Kumtunda kwa Tete mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe olimba a granite ndi gneiss, pa mathithi a Cahora Bassa. Sitima inalephera kudutsa. Ambiri amamasulira dzina la malowo kuti pothera nchito, pakuti opalasa ngalawa anali kulekezera pamenepo.

Kukumba malasha kwenikweni kunayamba m'zaka za m'ma 1920, ndi kampani ya ndalama za ku Belgium. Mu 1948 inabwera Companhia Carbonífera de Moçambique, ndipo mu 1949 njanji inafika ku Moatize, yolumikizana ndi ya ku Beira kudzera pa mlatho wa Dona Ana. Migodi ya nthawi imeneyo inali ya pansi pa nthaka. Amuna anali kutsika mumdima ndi nyali pamphumi.

M'malasha mumabisala mpweya woyaka. Unapangika pamodzi ndi malashawo, kucokera ku zomera zomwe zija za m'madambo. Suoneka ndipo sununkha. Ukaunjikana mu mgodi, kamoto kakang'ono kamakwanira. Mu Sepitembala 1976 mgodi wa Chipanga 6 unaphulika, ndipo anthu pafupifupi 100 anafa. Mu Ogasiti 1977 mgodi wa Chipanga 3 unaphulikanso n'kupha anthu oposa 60. Tsiku limenelo, mu mkwiyo umene unatsata, akuluakulu a mgodi asanu ndi anayi ocokera kunja anaphedwa. Mu 1978 boma linatenga migodi n'kukhazikitsa kampani ya Carbomoc. Koma m'zaka za m'ma 1980 nkhondo inawononga njanji ya Sena. Malasha anasowa njira, ndipo nchito inazilala zaka zoposa 20.

Khoma pa mpata

Matanthwe amene anabweza Livingstone anakopa ena. Mtsinje ukamayenda pa mwala wofewa wamcenga umadya magombe ake n'kupanga cigwa cotakata. Ukafika pa mwala wolimba umangokumba pansi, n'kupanga mpata wopapatiza. Ofuna kumanga damu amafuna zonse ziwiri: mpata wolimba woikapo khoma, ndi cigwa cotakata kumtunda cosungiramo madzi. Pa Cahora Bassa anazipeza.

Nchito inayamba mu 1969, mu ulamuliro wa Apwitikizi. Khoma lake ndi lalitali mamita 171. Mu Disembala 1974 madzi anachingidwa, ndipo nyanja inayamba kudzaza. Anthu zikwi zambiri anasamutsidwa. Minda, manda ndi mudzi wakale wa Chicoa zinamira. Magetsi ambiri anapita ku South Africa, ndipo damulo linakhala m'manja mwa Portugal mpaka Novembala 2007, pamene Mozambique inatenga ulamuliro wake.

Khomali linakhudzanso ulendo wa miyala. Kale cigumula ca caka ndi caka cinali kusiya matope acondo m'madimba a m'mbali mwa mtsinje. Madzi akaphwa anthu anali kubzala pa cinyezi. Tsopano matope ambiri ocokera kumtunda amagona pansi pa nyanja ya Cahora Bassa, monga mu mtsuko uja. Kumeneko akuyalana, ndipo tsiku lina adzakhala mwala. Koma madimba a kumunsi anataya cakudya cawo.

Malasha abweranso

Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa cilolezo ca malasha a ku Moatize. Migodi yatsopano si ya pansi pa nthaka ayi. Makina amacotsa dothi ndi miyala yonse yapamwamba, n'kusiya dzenje lalikulu. Mgodi wotere umafuna malo ambiri. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ena kupita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kucokera ku Moatize, ena ku 25 de Setembro. Anthu a kufupi ndi mgodi wa Benga anasamutsidwira ku Mwaladzi. Sitima yoyamba ya malasha a Vale inanyamuka kupita ku Beira mu 2011. Pambuyo pake njanji ina inamangidwa, yodutsa m'Malawi kupita ku Nacala.

Osamutsidwawo anadandaula kuti minda yatsopano ndi yamiyala, madzi ndi osowa, msika uli kutali, ndipo nyumba zikung'ambika. Owocha njerwa anataya malo awo a dongo. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anakhala pa njanji n'kuimitsa sitima ya malasha. Caka comweco boma linatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu. Mu 2013 linayamba kupatula gawo la msonkho wa migodi, 2.75 pa 100 iliyonse, kuti lizibwerera ku madera okumbidwako.

Eni migodi anasinthanso. Mgodi wa Benga unacoka kwa Riversdale kupita kwa Rio Tinto mu 2011, kenaka kwa ICVL ya ku India mu 2014. Vale inagulitsa mgodi wake kwa Vulcan mu 2022. Akulu anati mlendo ndi mame. Kampani imabwera ndipo imapita, koma dzenje, fumbi ndi anthu zimatsala.

Zimene mbiri iyi itiphunzitsa

Coyamba, miyala imayenda pang'onopang'ono, koma munthu amafulumira. Malasha anatenga zaka mamiliyoni kuti apangike. Sitima imawacotsa pa tsiku limodzi. Cimanga tikakolola timabzalanso. Malasha sabzalidwa. Ulendo wa miyala udzapanga ena, koma ife ndi adzukulu a adzukulu athu sitidzawaona. Conco pamene akutuluka tiyenera kufunsa kuti akusiya ciyani: sukulu, cipatala, mjigo, msewu, kapena dzenje lokha.

Caciwiri, dothi nalonso ndi cuma ca m'miyala. Kuti thanthwe lipereke dothi locindikala ngati cala pamapita zaka mazana. Mvula imodzi ingalikokolole pa munda wopanda mitengo ndi mizere yopingasa. Munthu wosamutsidwa pa dothi lakuya la m'mbali mwa mtsinje n'kupatsidwa malo amiyala sanapatsidwe cofanana, ngakhale mahekitala akhale omwewo. Amene adziwa miyala ndi dothi amayamba wakumba n'kuona, asanavomere.

Cacitatu, malamulo a dziko lathu amati cuma ca pansi pa nthaka ndi ca boma. Koma lamulo la malo la 1997 limatinso anthu a m'mudzi afunsidwe malo awo asanaperekedwe kwa wina. Pa msonkhano wotere pamalembedwa cikalata. Gatsi Rusere anapereka migodi ya dziko lake pa cikalata colembedwa m'cinenero ca alendo. Ife tiyenera kumva mawu onse a pa pepala, kufunsa za madzi, za manda, za minda ndi za caka cimene mgodi udzatsekedwe, tisanaikepo dzina kapena cala.

Mawa popita kumunda tolani miyala itatu yosiyana. Muitsuke, muiyang'ane bwino, mubwere nayo. Wa timaso unacokera kumoto. Woyalana unacokera m'madzi. Wa mizere yokhota unapanikizidwa pansi pa mapiri amene kulibenso. Tikaiika pamodzi pa mphasa tidzawerenga mbiri ya mudzi wathu.

Mafunso okambirana

1. Chulani mitundu itatu ya miyala, ndipo munene m'mene uliwonse umabadwira.
2. Kodi makala ndi malasha zisiyana bwanji?
3. N'cifukwa ciyani damu linamangidwa pa Cahora Bassa, osati pa mzinda wa Tete?
4. Kwanu kumapezeka miyala yotani? Makolo anali kuigwiritsa nchito yanji?
5. Alendo atabwera kudzayeza miyala m'mudzi mwanu, mungawafunse mafunso otani?